Beseni la Pansi pa Bedi

"Ndiuze dzina lake basi. Zina zonsezi sindikuzifuna."

Ellah anasiya kupesa tsitsi n'kutembenuka. Mwamuna wake, Dunstan, anali ataima pakhomo la kuchipinda, tayi ili lende pakhosi, dzanja lamanja lili m'thumba la buluku likukanda pamalo amene munthu wamkulu sakanda pagulu.

"Dzina la ndani?"

"Usandiyese mwana, Ellah. Mwamuna amene wakupatsa matendawa. Ine chikwatirire mkazi wina sindimudziwa, Mulungu ndi mboni. Nanga kuyabwaku ndakutenga kuti? Kwatsika ndi nkhungu ya m'phirimu?"

"Tsitsani mawu, a Dunstan. Khomali ndi la njerwa imodzi."

"Amve. Mwina mwini wake ali kuseri kwa khoma lomwelo. Si iwe umawasekerera anyamata a ku yunivesitewa mpaka mano onse panja? Mphunzitsi wathunthu, mkazi wa mwini, kusanduka hule wa pampanda."

Kuseri kwa khoma wailesi imene inkaimba inazima. Ellah anaimva ikuzima, ndipo anadziwiratu kuti pofika masana Matawale yense adzakhala atamva. Nyumba yawo inali imodzi mwa nyumba za lendi za mdadada: mpanda umodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikira zovala chimodzi. Mbali ino mabanja, mbali inayo ophunzira othithikana m'tizipinda. Pamalo otere chinsinsi chimatha munthu asanatseke pakamwa.

"Nanenso kukundiyabwa," anatero Ellah. "Kunayamba ine, inu musanayambe. Ndakhala ndikufuna kukuuzani kuti ndikukayikira mapadi aja..."

"Khala chete." Dunstan anakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. "Zinthu zimenezo sutchula kwa ine m'nyumba muno, m'mawa ndisanadye. Ndipo usayerekeze kubisa uve wako kuseri kwa ntchito yanga."

Anamanga tayi, natenga chikwama, natuluka. Tiyi anamusiya akufuka patebulo.

Dunstan ankagwira ntchito pa kampani ina ya m'tauni mwa Zomba yosoka mapadi ochapa, aja mkazi amavala akakhala kumwezi, n'kuchapa, n'kudzavalanso. Sanali telala ayi. Iye ndiye ankagamula zonse: nsalu ikhale yanji, ikhuthale bwanji, mtundu wake ukhale wotani. Ndipo anagamula kuti padi likhale lokhuthala ngati bulangete lopinda, la pinki wowala, mkati muli kapulasitiki kuti lisadonthe. Papaketi analembetsa kuti: chapani, yanikani padzuwa. Lachisanu lililonse ankavala sikipa ya kampani yolembedwa kumsana kuti kusamba si chinsinsi.

Munthu yemweyo, atangokwatirana kumene, anapeza padi limodzi Ellah atayanika pampando wa kuchipinda. Tsiku limenelo sanadye. Anangonena kuti, "Zinthu zako zakumwezi ndisadzazionenso ndi maso angawa." Ndipo Ellah akakhala kumwezi, mchere mu ndiwo ankathira Dunstan yekha, kuopa mdulo monga anamulangizira kwawo ali mnyamata. Sikipa ili pathupi, supuni ya mchere ili m'manja.

Ndiye mkazi ayanike kuti? Panja chingwe chinadutsa pakhomo penipeni pa ophunzira aja, pamene ankatandala akusewera bawo ndi kutsutsana za mpira. M'nyumba bambo akuti asazione. Kunatsala pansi pa bedi. Kumeneko Ellah anaika beseni, n'kumayala mapadi m'mphepete mwake, n'kufunditsa chitenje. Mwezi wa Juni, chiperoni chikatsika m'phiri la Zomba n'kukhala pa Matawale osasuntha, ngakhale kampango kopyapyala kamagona pachingwe osauma. Nanga bulangete lopinda, pansi pa bedi? Nthawi yosintha ikakwana, Ellah ankasankha limene lauma pamwamba pokha, n'kuvala, n'kupita kukaima pamaso pa ana a Sitandade 6 tsiku lonse chinyezi chili pathupi.

Madzulo a tsiku limenelo, akutunga madzi pampopi, anamupeza Mwanamvua, mayi wa nyumba yakumapeto amene ankagulitsa mandasi pamsika wa Matawale. Mwanamvua sanali munthu wozungulira nkhani.

"Madamu, tamva. Musagwetse nkhope, ife tikudziwa kuti inu mukaweruka kusukulu mumalowa m'nyumba ngati nkhuku yofungatira. Koma n'zoona zoti kukuyabwani?"

Ellah anavomera ndi mutu.

"Ndi timatilesi ta amuna anu tija. Ine ndinavalako, ndinatsala pang'ono kudzikanda ndi chitsononkho. Pano ndimagwirira chiwaya cha mandasi. Pantchito imeneyo ndiye ayi, amuna anu ndi akatswiri, moto sudutsa."

Ellah anaseka asakufuna. "Bwanji simunawauze a kampani?"

"Kuuza ndani? Anabwera bambo wina wa kampaniyo ndi chifoni chachikulu kudzandifunsa pakhonde. Amuna anga ali pompo, apongozi aamuna ali pompo akumwa tiyi. Akuti, mayi, n'chifukwa chiyani simuyanika mapadi panja, kodi mumaopa kuti afiti akuberani? Ine pamaso pa apongozi ndiyambe kufotokoza za magazi? Ndinangoti eya, afiti, kuti achoke msanga. Anathokoza, napita nyumba ina. Mpanda wonse uno tinayankha afiti. Afiti ake ndi awo." Analoza ndi mlomo anyamata a pabawo. "Tsiku lina ndinayanika limodzi n'kufunditsa chitenje, mphepo n'kuulutsa chitenjecho. Anajambula pafoni, madamu. Ndikadutsa ankangoti, mayi a pinki, mandasi alipo?"

M'mawa mwake Ellah anapempha kusukulu n'kupita kuchipatala. Nesi, mayi wa magalasi wooneka wotopa, atamuyeza anati, "Awa ndi mauka, mayi. Sikuti mpaka munthu ayende ndi amuna kuti awatenge ayi, chinyezi chokha chimakwana. Mumavala chiyani mukakhala kumwezi?"

Ellah anamuuza. Nesi anausa moyo.

"Si inu oyamba kubwera ndi nkhani imeneyi. Awa ndi mankhwala anu, awa akadzole bambo. Ndipo chonyowa musavalenso."

Anabwerera kunyumba mtima utapepuka. Ankaganiza kuti mwamuna akamva achita manyazi, apepesa, mwinanso aseka, nkhani n'kutha. Dunstan atafika, Ellah anamuikira madzi osamba, anamudikira adye, kenako anaika kachubu ka mankhwala patebulo n'kufotokoza zonse monga ananenera nesi.

Dunstan anakatembenuza kachubuko, nakaponya pambali pa mbale.

"Ndiye nesi wa pangodya wasanduka woweruza ntchito yanga?"

"Sanatchule ntchito yanu. Wati chinyezi. Mapadi aja sauma, a Dunstan."

"Amauma. Tinayesa."

"Munayesera kuti?"

"Ku Blantyre. Anachapa m'mawa, pofika masana anali atauma gwa."

"Mwezi wanji?"

"Okutobala. Nanga mwezi ukukhudzana bwanji?"

"Tasuzumirani panja muone ngati dzuwa la Okutobala lilipo. Ndipo bwerani kuchipinda, pali chimene ndikufuna mugwire ndi dzanja lanu."

"Ine sindigwira kanthu. Akazi amene amati sauma ndi aulesi ndi okhulupirira zamatsenga, kafukufuku wathu anaonetsa poyera. Iwe ndiwe mphunzitsi, m'gulu limenelo mulibe iwe. Wangopeza pobisalira. Wamupatsa chiyani nesiyo kuti akunenere bwino?"

Ellah anamuyang'ana mwamuna wakeyo nthawi yaitali. Apa ndi pamene anazindikira chinthu chimene chinamuwawa kuposa kuyabwa, kuposa ngakhale mawu aja a hule. Kwa Dunstan kunali kopepuka kukhulupirira kuti mkazi wake wagona ndi mwamuna wina kusiyana ndi kukhulupirira kuti padi lake siliuma.

Kuyambira tsiku limenelo Dunstan ankagona pa sofa pabalaza. Moni sankayankha. Koma kachubu ka mankhwala kaja, kamene anati ndi bodza la nesi, kankaphwa tsiku ndi tsiku, ndipo dzanja lija linasiya kulowa m'thumba.

Patapita masabata angapo analongedza chikwama kupita kumsonkhano wa kampani pamwamba pa phiri. Sanatsanzike. Tsiku lotsatira, Ellah ali pa bureki kusukulu, analandira foni kuchokera kwa mkulu wake Judith wa ku Masongola.

"Ellah, wachita chiyani iwe? Amalume a Yesaya aimbiridwa foni ndi a Herbert, achimwene awo a amuna ako. Akuti Loweruka ankhoswe akumane kwanu. Mlandu wake akuti chigololo. Amalume sakudya, akuti mwana wa mlongo wawo wawavula pagulu."

Ellah sanabwerere m'kalasi. Anasiyira ana mphunzitsi mnzake, nakwera njinga yamoto ya kabaza, nauza woyendetsa kuti kuphiri. Msewu unkakhotakhota pakati pa mitengo ya paini, nkhungu ikumenya kumaso ngati nsalu yonyowa. Ankadutsana ndi amayi otsika ndi mitolo itaitali ya nkhuni pamutu, zitenje zitamatirira m'miyendo chifukwa cha mame. Ellah ankawayang'ana n'kumadzifunsa kuti mwa amenewa ndi angati avala chonyowa lero, ndipo anawafunsapo ndani.

Msonkhano unali pamalo ena ogona alendo, a mawindo akuluakulu agalasi. M'chipindamo munali moto woyaka bwino, matebulo a nsalu zoyera, mbale za samusa. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Ellah anaima pomwepo, ndipo mawu amene anamva anali a mwamuna wake.

"Vuto si padi," ankatero Dunstan, akuloza chithunzi cha mayi wina wovala chitenje chimene chinkaoneka pakhoma. "Vuto ndi mutu wa mayi wa ku Matawale, wa ku Chinamwali, wa kumudzi. Amaopa kuyanika panja chifukwa cha ufiti. Ndiye ife sitisintha padi, tisintha maganizo awo. Tipanga zisudzo, tipita pawailesi. Mkazi wanga ine ndi mphunzitsi. Amachapa, amayanika padzuwa poyera, ndipo sanadandaulepo."

Anthu anaomba m'manja. Ellah anaima pomwepo pakhomo, akumvetsera. Kunyumba ndi hule, kuphiri ndi chitsanzo chabwino. Munthu mmodzi yemweyo, pakamwa pamodzi pomwepo.

Anthu atatuluka kukamwa tiyi, mayi wina wovala suti ya buluu anamuona Ellah n'kufunsa kuti akufuna ndani. Ellah atatchula dzina, mayiyo anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndinu madamu a Dunstan? Ine ndine Consolata, mkulu wa kampani. Tikumva mbiri yanu yabwino muno. Akazi athuwa akanakhala ngati inu bwenzi ntchito yathu ili yophweka. Koma mbuli, mayi, mbuli."

"Inu mumayanika kuti?" anafunsa Ellah.

"Pepani?"

"Mapadi anu. Mukachapa mumayanika kuti?"

Mayiyo anaseka pang'ono, nayang'ana uku ndi uku. "Aa, ine ndi maulendo angawa ndimangogula aja otaya. Koma timwereni tiyi, mwazizidwa."

Dunstan anafika nkhope itatuwa, namukokera Ellah pakhonde, kumene nkhungu inabisa tauni yonse kumunsi.

"Ukufuna chiyani kuno? Ukufuna undichotsetse ntchito?"

"Munandionapo ndikuyanika panja?"

"Ine masana ndimakhala kuntchito."

"Loweruka? Lamulungu? Munaonapo pinki pachingwe chija?"

"Ine sindiyang'ana zovala za akazi pachingwe."

"Mwakwera phiri lonseli kudzakambirana za mayi wa ku Matawale, pamene mayi wa ku Matawale mumagona naye bedi limodzi. Simunamufunsepo kanthu. Lero mwandiitanira ankhoswe osandiuza, ndimve kwa achemwali pafoni ngati uthenga wa maliro."

"Tikakamba Loweruka pamaso pa anthu. Kumeneko ukatchule dzina. Tsika, anthu akuyang'ana."

Ellah anatsika. Panjira sanalire. Anangomva kuti mkati mwake china chauma gwa, ndipo chinali chinthu chokhacho chouma m'mwezi wonse umenewo.

Loweruka ankhoswe anafika dzuwa lisanaoneke n'komwe, pakuti tsiku limenelo silinaoneke. A Yesaya, malume ake a Ellah, mkulu wa mpingo wa CCAP, anachokera ku Jali pa minibasi, atavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa. Judith anakhala pambali pawo. Mbali ya mwamuna kunali a Herbert, wa muofesi ya boma, amene anakhala pa sofa miyendo atapingasa. Panja wailesi zonse zinali zii. Ngakhale mikhomo ya bawo sinkamveka.

A Yesaya anapemphera mwachidule, ndipo a Herbert anayamba.

"Ife nkhani yathu ndi yaifupi. Mng'ono wangayu wadwala matenda a m'nyumba. Iye kunja sayenda, tikumudziwa. Ndiye matenda alowera khomo liti? Ife sitikufuna kuthamangitsa munthu. Alamu angovomera, atchule mnzawoyo, apepese, tione ngati banja lingapitirire. Kubanja kwathu zoterezi sizinachitikepo."

"Mwana wanga," anatero a Yesaya osamuyang'ana Ellah kumaso, "wamva. Ngati unaterereka, nena. Mulungu amakhululuka, anthunso amayesetsa."

"Sindinaterereke, amalume."

"Nanga matendawa?"

"Nesi anati mauka. Anati chinyezi."

A Herbert anaseka m'mphuno. "Chinyezi. Zomba yense ali ndi chinyezi, alamu. Ndiye tonse tikukanda?"

"Mwini wakeyo ndimubweretse?" anafunsa Ellah.

Judith anagwira pakamwa. Dunstan anawongoka pampando, maso ali tong'o.

"Ali muno?"

"Ali kuchipinda. Wakhala akugona pansi pa bedi lanu chikwatiranireni."

Ellah analowa kuchipinda, nagwada, nakoka beseni. Analinyamula ndi manja awiri monga amanyamulira chakudya cha alendo, naliika pakati pa tebulo, pambali pa Baibulo la a Yesaya. Kenako anachotsa chitenje.

Fungo la nsalu yosauma linadzaza pabalaza. Mapadi a pinki anali ndandanda m'mphepete mwa beseni, ena ali ndi timadontho takuda ta nguwi m'misoko.

A Herbert anadumpha ngati aona njoka, nathamangira pakhomo, nalavula panja. A Yesaya anaphimba nkhope ndi chipewa. Judith anamukoka Ellah chitenje.

"Ellah, wapenga? Pamaso pa amalume? Pamaso pa alamu?"

"Ndisiyeni, achemwali. Chigololo changa chakambidwa pamaso pa amalume, palibe anati n'cholaula. Nsalu yochapa ndiye yalaula?" Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Awa ndinachapa dzana. Panja sindingayanike, anyamata aja amajambula. M'nyumba munati musadzawaone. Ndiye dzuwa lawo ndi limeneli, la pansi pa bedi. Munawapanga ndinu, a Dunstan. Munasankha nsalu ndinu. Gwirani limodzi, mundiuze ngati lauma."

"Chotsa zimenezi."

"Ndi ochapa. Sopo ndi wanu yemwe mumasambira. Gwirani."

"Ellah, ukundichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Dzanja limodzi lokha. Mukagwira n'kunena kuti lauma, nditchula dzina lililonse limene mukufuna, ngakhale la m'busa."

Dunstan anayang'ana kwa mkulu wake, koma a Herbert anali ataima pakhomo atafulatira. Anayang'ana beseni. Anatambasula dzanja, dzanjalo linaima m'malere, linabwerera. Kenako anapisa m'thumba la malaya, natulutsa cholembera. Anakola nacho padi limodzi pakona, nalitukula patali ndi thupi, mphuno atakwinya, monga munthu amanyamulira khoswe wakufa. Padilo linalendewera lolemera, losapindika.

Ellah anayang'anitsitsa cholemberacho. Mawu onse amene anakonza panjira yochokera kuphiri anatha ntchito.

A Yesaya anatsitsa chipewa pang'onopang'ono. Anayang'ana mkamwini wawo, anayang'ana cholembera, anayang'ana mwana wa mlongo wawo.

"Tabweretsani kuno, akamwini."

"Amalume, musatero," anatero Judith.

"Ine ndakalamba. Mdulo ukabwera upeza zotsala." Analanda padilo ndi dzanja lawo, nalifinya pakati pa zala, nalikhudzitsa kuseri kwa dzanja linalo. "Ili n'lonyowa. Mwana wanga, umavala chonchi?"

"Mwezi uliwonse, amalume."

"N'kupita nalo kusukulu?"

"Tsiku lonse."

A Yesaya analibwezera m'beseni bwinobwino, napukuta dzanja pa jekete lawo la kutchalitchi.

"A Herbert, tabwerani mukhale pansi, si mfuti iyi. Munandiitana kuti mwana wathu wachita chigololo. Ndabwera, sindinagone, akazi anga akulira kumudzi. Umboni wake uli kuti? Munamugwira ndi ndani? Anamuona ndani?"

A Herbert sanachoke pakhomo. "Ife tinangomva kwa mwini wake."

Maso onse anapita kwa Dunstan. Iye anaika cholembera pansi, nasendera kutsogolo, natsitsa mawu mpaka kunong'ona.

"Chabwino. Mwina ndinafulumira. Nkhani ya chigololo tiisiye pompano, ithe. Koma izi," analoza beseni ndi chibwano, "zisatuluke m'nyumba muno. Mwezi wamawa tikutulutsa mapadi ena ambiri, opita m'masukulu. Mbiri yoti mkazi wanga yemwe wadwala nawo ikamveka, ine ndathera pomwepo. Ellah, ukumva? Ndakukhululukira. Tikhale monga kale."

"Mwandikhululukira chiyani?"

"Ndikutanthauza kuti tiiwale."

"M'masukulu," anabwereza Ellah. "Atsikana a m'kalasi mwanga, ogona chipinda chimodzi ndi alongo awo, akayanika kuti? Mukapita kukawafunsa, kapena mukawachitira zisudzo za afiti?"

"Zakuntchito uzisiye, si za ankhoswe."

"Chabwino, tikambe za ankhoswe. Tsiku lija munanena kuti ndine hule mawu ali pamwamba, mpanda wonse unamva. Pamsika amandiloza. Makolo a ana a m'kalasi mwanga amanong'onezana ndikadutsa. Lero mukunong'ona. Imirirani pakhomopo, munene mokweza kuti munanama, ndipo munene chimene chinatidwalitsa. Mukatero ndikhala."

"Ellah, pirira," anatero Judith chapansipansi. "Wavomera kale, usapitirire."

"Sanavomere, achemwali. Akugula pakamwa panga ndi dzina langa lomwe."

A Yesaya sanamudzudzule. Anangoyang'ana Dunstan n'kudikira.

Dunstan anaimirira. Anayenda mpaka pakati pa balaza, nayang'ana pakhomo. Panja, pakhonde la ophunzira, mitu inali itatembenukira kuno. Mwanamvua anali pampopi ndi ndowa imene inadzadza kalekale, madzi akusefukira. Dunstan anatsegula pakamwa, natseka. Anabwerera n'kukhala pansi.

"Sindingathe kuipitsa kampani pagulu," anatero. "Mumvetse."

"Ndamvetsa," anayankha Ellah.

Analowa kuchipinda. Judith anamutsatira kuti akamuletse, koma ataona nkhope yake anangoyamba kumuthandiza kupinda zovala. Anatenga sutikesi imodzi, mabuku a kusukulu, nsapato. Zina anati adzatenga tsiku lina. Ellah atatuluka kuchipinda, a Yesaya anali atavala kale chipewa, Baibulo lili m'khwapa.

"Ukagona ku Masongola kwa mkulu wako," anatero. "Zotsala tikamba ife. Akamwini, mukadzafuna kulankhula mokweza mudzatipeza."

A Herbert anapatuka pakhomo kuti adutse, koma anakweza chala.

"Alamu, chotsani kaye beseni lanulo. Patebulo paja anthu amadyerapo."

"Si langa, alamu. Ndi katundu wa kampani. Mwini wake ali pomwepo."

Ellah anatuluka, sutikesi ili pamutu, mutu uli chilili. Anyamata a pabawo anayang'ana pansi. Mwanamvua anatseka mpopi, napukuta manja, nabwera kudzalandira chikwama cha mabuku osafunsa kanthu. Asanafike pageti, Ellah anamva mawu a abale awiri aja akutuluka pawindo la nyumba imene inali yake.

"Tanyamula iwe, Dunstan, ukaike kuseri."

"Nyamulani inu, achimwene, muli pafupi."